Lorenso Alufandika ndi Khonde Lokana Kubwerera

Bambo Lorenso Alufandika anabadwa pa 9 Novembala 1965 m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, m'boma la Nsanje. Makolo awo anachokera ku Mutarara, tsidya la Mozambiki, motero iwo anakula akuyankhula Chisena pakhomo ndi Chimang'anja kusukulu, kumene analekezera Sitandade 7. Mu Epulo 1986 analandira chiphaso choyendetsera thirakitala nayamba kukoka ngolo za nzimbe ku Nchalo. Kuyambira 1988 mpaka 1994 anayendetsa malole onyamula chimanga ndi nandolo kupita kumisasa ya anthu othawa nkhondo, ena mwa iwo abale awo enieni. M'kati mwa zaka zomwezo, mu 1990, anakwatira Mayi Anna, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu, woyamba ndi Leah. Othawa nkhondo atabwerera kwawo, a Lorenso anatha zaka khumi ndi zinayi akunyamula thonje la wamalonda wina wa ku Bangula. Pa 2 Malichi 2009 analembedwa ntchito ndi bungwe lina laling'ono la zaumoyo, limene likulu lake lili ku Blantyre ndipo ofesi yake ina ili pa boma pa Chikwawa. Dzina la bungwelo silitchulidwa pano. Sikuti liyenera kutetezedwa ayi, koma muli anamwino abwino amene akadali pantchito.

M'zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu a Lorenso sanagundepo munthu, mbuzi, ngakhale njinga ya kabaza. Sanagwetsepo galimoto m'ngalande. Kwawo amasunga makalata atatu ochokera kwa amene anawagwirira ntchito, ndipo onse atatu amanena chimodzi: munthu uyu amasamala katundu. Kalata yachinayi inayenera kubwera mu Novembala 2025, pamene akanapuma atakwanitsa zaka 60. Ng'ombe alibe, sitolo alibe. Chimene anali nacho chowerengeka ndi dzina lakuti dalaivala wosaononga, ndipo dzina limenelo ndi limene linaikidwa pachiswe mu Januwale 2025 ndi anthu amene sadziwa kusintha ngakhale tayala.

Mu Ogasiti 2021 bungwe lija linalandira mphatso kuchokera kwa anzawo a ku Ulaya. Inali galimoto ya mtundu umene azungu amayendera akakhala pa tchuthi, yokhala ndi bedi, sinki ndi firiji m'kati mwake, chiwongolero chili kumanzere. Anaisandutsa chipatala choyenda. Pabedi pankagona amayi oyembekezera poyezedwa, m'firiji munkakhala katemera. Anthu a kwa Makhuwira ataiona anaitcha Kanyumba, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka m'makalata a mu ofesi.

Chimene anthu ankachikonda koposa pa Kanyumba chinali khonde lake. M'mbali mwa denga munali bokosi lalitali mamita anayi, ndipo m'menemo munkakhala chinsalu cholimba chokulungidwa. Munthu akadina batani pafupi ndi chitseko, kamota ka magetsi kankalira, chinsalucho n'kutuluka pang'onopang'ono chitagwiridwa ndi mikono iwiri ya chitsulo chopepuka, yopindika pakati ngati chigongono. Aliyense amene anakhalapo pamzere wa sikelo m'chigwa muno mwezi wa Okutobala akudziwa mtengo wake wa mthunzi. Pachinsalupo analembapo dzina la bungwe ndi zilembo zikuluzikulu.

Buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka khondelo linali m'Chijeremani, ndipo palibe analiwerenga. A Lorenso analiphunzira khondelo ndi maso ndi makutu. Anapeza kuti kumapeto kwa bokosi kuli kabowo kolowetsamo handulo yopukusira pamanja ngati mota yakana. Handuloyo inabwera ndi galimoto, koma osunga katundu ku Blantyre anaichotsa n'kuitsekera m'sitolo poopa kuti ingabedwe. Buku la maulendo likusonyeza kuti a Lorenso anaipempha katatu: pa 6 Okutobala 2021, pa 19 Meyi 2022, ndi pa 8 Januwale 2024. Pansi pa pempho lililonse pali siginecha ya mkulu wa ofesi ndi mawu amodzi a Chingerezi otanthauza kuti taona. Handulo sinabwere.

Lachiwiri lachitatu la mwezi uliwonse Kanyumba kankapita pa Bwemba, kwa Makhuwira, kummawa kwa Shire. Malowo anatchedwa choncho chifukwa cha mtengo wa bwemba umene unali pabwalo, ndipo panthambi yake ndi pamene ankapachika sikelo yoyezera ana. Kuno sikelo siikidwa pansi. Imakolekedwa m'mwamba ndi chingwe, mwana n'kulowetsedwa m'kakabudula kansalu, n'kulendewera uku akulira, namwino akuwerenga muvi. Chilichonse chopingasa pamwamba pa mutu, kaya nthambi kaya mtanda wa denga, kwa ife ndi pokoleka sikelo. Namondwe wa Malichi 2023 anagwetsa bwembayo, ndipo kuyambira pamenepo sikelo inkapachikidwa pamtanda wa denga la tchalitchi, mamita mazana awiri kuchokera pamene galimoto inkaima.

Pa 21 Januwale 2025 ananyamuka pa Chikwawa 7 koloko m'mawa ali atatu: a Lorenso, namwino Mayi Evelesi, amene anayenda nawo zaka zisanu ndi chimodzi, ndi Bambo Edmund, mnyamata wa zaka za m'ma 30 wochokera ku likulu, amene ntchito yake inali kulemba malipoti opita ku Ulaya. Anabwera ndi kamera. Anafika pa Bwemba 9 koloko itangodutsa, a Lorenso anatulutsa khonde, ndipo Mayi Evelesi ananyamula sikelo kulunjika kutchalitchi.

"Sisitala, mukupita nayo kuti?" anafunsa a Edmund.

"Kutchalitchi, bwana. Ndi kumene timayezera."

A Edmund anakasuzumira m'tchalitchimo n'kubwerako akupukusa mutu. "Muli mdima muja. Ndiye pachithunzi adzaona chiyani, makoma a dothi? Anthu anatipatsa galimoto, akufuna aone galimoto. Pachikani apa." Analoza mkono wakumbuyo wa khonde, pachigongono penipeni.

A Lorenso anali akupukuta galasi. Anasiya nsanza ija. "Bwana, pamenepo ayi. Chitsulo chimenecho chinapangidwira nsalu basi."

"Madala, mwana amalemera bwanji? Ngati nkhuku ziwiri?"

"Mmodzi inde. Taonani mzerewo."

Amayi anali atadzaza kale pansi pa khonde ndi kunja komwe. Iwo maganizo a mlendoyo anawakomera, pakuti kutchalitchi ankadikira padzuwa. Mayi wina wa mwana kumsana anakuwa, "Baba Lorenso, kodi khondeli munalowa chokolo? Tilekeni tiyezere pamthunzi!" Anzake anaseka. Wina anaonjeza kuti mtanda wa kutchalitchi ndi wofumbwa kale koma sunagwe, nanga chitsulo cha kwa azungu chingagwe bwanji.

"Nkhabe," anatero a Lorenso, Chisena chitawatulukira monga chimachitira akapsa mtima. "Ndakana. Mupinda mkono, khonde silibwerera, ndipo galimoto siyenda."

"Ntchito yanu ndi chiwongolero, madala," anatero a Edmund. "Za pulogalamu zisiyeni kwa ife. Sisitala, pachikani."

Mayi Evelesi anayang'ana a Lorenso, nayang'ana a Edmund, n'kupachika. Anali pa kontirakiti ya chaka chimodzi chimodzi, ndipo amene ankalemba ndemanga yoti aonjezeredwe chaka anali a Edmund omwewo. A Lorenso analowa m'galimoto, natsegula buku la maulendo, nalemba kuti 9:20, sikelo yapachikidwa pamkono wa khonde molamulidwa ndi Bambo Edmund, ine ndakana. Mawuwo alimo mpaka lero, ndi inki yabuluu.

Kaundula wa Mayi Evelesi akusonyeza kuti tsikulo anayeza ana 163. Ena anali makanda, koma ambiri anali a zaka zitatu ndi zinayi, a makilogalamu khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu, oponda mphepo ndi kudzigwedeza. Mayi aliyense pochotsa mwana ankakokera kakabudula pansi. A Edmund anajambula kwa mphindi makumi awiri zokha, kenaka anakakhala kutsogolo kwa galimoto n'kumadya mabisiketi. Sikelo inatsala pomwepo maola anayi.

Ntchito inatha 1:40 masana. Pa Bwemba dzuwa linali likuswa mtengo, koma pamwamba pa mapiri a ku Thyolo panali patada bii, ndipo mabingu ankamveka chapatali. Msewu wa kumeneko umadutsa m'kamtsinje kopanda mlatho, makilomita asanu ndi limodzi kuchokera pa Bwemba. Wokhala kumeneko aliyense amadziwa kuti mvula ikagwa kumapiri, madzi amafika pamenepo pasanathe maola awiri, ngakhale kuchigwa kusanagwe dontho, ndipo akafika msewu umatsekeka masiku. M'firiji munali katemera wa midzi ina itatu, ndipo batire la firijiyo silinkapirira kupitirira tsiku limodzi.

A Lorenso anadina batani. Mota inalira, chinsalu chinabwerera pang'ono ngati utali wa dzanja, mkono wakutsogolo unapindika bwinobwino, koma wakumbuyo unakana. Chitsulo chakumapeto kwa chinsalu chinapendekeka, panamveka kuti tha, ndipo mota inakhala chete. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi napeza imodzi yapsa. Ankasunga zapadera m'bokosi la machesi. Anaika ina, analiza injini kuti magetsi akhale ndi mphamvu, nadinanso. Mota inang'ung'udza ngati ikunyamula katundu woilemera, ndipo iwo anachotsa chala msanga kuti ingapse. Anakwera pabenchi kukaona. Chigongono chinali chitagwera pansi ngati masentimita atatu, ndipo pambali pake panali mng'alu woonda ngati tsitsi.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Edmund, maso ali kumapiri.

"Chimene ndinanena m'mawa."

"Musayambe zimenezo. Dinaninso."

"Ndikadinanso ndiotcha mota."

"Ndiye tiyeni tizipita choncho, pang'onopang'ono."

A Lorenso anatsika pabenchi. "Bwana, chinsaluchi chatuluka mamita awiri ndi theka. Msewu uja ngolo ziwiri sizipatukirana, ndipo m'mbali monse muli mitengo ya minga. Tisanafike pasukulu chikhala chitazula khoma la galimoto. Mukufuna tikafike ku Chikwawa ndi Kanyumba kopanda khoma?"

"Tengani hamala muwongole."

"Chitsulo ichi sichiwongoka, chimathyoka. Ndipo m'kati mwake muli sipuling'i yamphamvu. Chikathyoka muli pafupi, mano onsewa mukawatolera kutchalitchi."

Amayi amene anatsalira anaseka, ndipo kusekako a Edmund sikunawakomere. A Lorenso anafotokoza njira imodzi yokha imene inalipo. Anati amange mkono wopindikawo ndi malegeni kuti usafyanthuke, amasule mabawuti ake kuphewa ndi kumapeto, auchotse, alekanitse mota, kenaka akulunge chinsalu pamanja. Mkono ukasungidwa, tsiku lina ukhoza kuotcheredwa kapena kusinthidwa.

"Simumasula kanthu popanda chilolezo cha ku likulu," anatero a Edmund. "Ameneyu ndi katundu wa madona, otithandiza a ku Ulaya aja."

"Imbani foni."

A Edmund anayenda uku ndi uku foni ili m'mwamba. Anakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, naimapo ngati mbuzi, koma netiweki panalibe. Pa Bwemba sipanakhalepo netiweki chiyambire. Nthawi inali 2:15, ndipo mphepo yozizira inali itayamba kutsika kuchokera kumapiri, ikukweza chinsalu ndi kuchigwetsa, galimoto yonse n'kumagwedezeka.

A Lorenso sanadikirenso. Anatumiza uthenga kwa a Francisco, wokonza njinga pamsika wa pa Bwemba, mnzawo wa zaka zambiri, ndipo iwo anabwera ndi thumba la zipangizo ndi mtolo wa malegeni.

"Mbale wanga, chakugwira n'chiyani?" anafunsa a Francisco. Atayang'ana chigongono chija analiza mluzu. "Munapachikapo ng'ombe?"

"Ana 163."

"Ndani wanzeru ameneyo?"

"Uyo ali pachuluyo. Handulo ndilibe, Francisco. Ili ku Blantyre, ikusungidwa bwino kuti ingabedwe."

A Francisco anayang'ana kabowo kaja, natenga chitsulo cha kaliyala wa njinga, nachipinda pamwala mpaka chinakhala ngati ngowe. A Lorenso anazenga malegeni kuzungulira mkono kasanu ndi kawiri, nauza amuna anayi kuti agwire chitsulo chakumapeto ndipo asachisiye ngakhale atamva chiyani. Amayi aja amene ankawaseka m'mawa anagwira m'mphepete mwa chinsalu kuti mphepo isachitenge. Mabawuti akumapeto anamasuka mosavuta. A kuphewa anali ndi dzimbiri, ndipo lomaliza litatuluka mkono unadumpha m'malegeni mwake n'kung'amba chala chachikulu cha a Lorenso kuyambira pachikhadabo mpaka m'munsi.

A Edmund anafika akuthamanga. "Mwachita chiyani? Ndinati musamasule!"

"Chokanipo, bwana, mukuponda chinsalu," anatero a Lorenso, magazi akuyenderera m'dzanja.

Mayi Evelesi anawamanga bandeji ali chiimire pabenchi pomwepo. A Francisco analowetsa ngowe yawo m'kabowo nayamba kupukusa, a Lorenso akuwongolera chinsalu kuti chilowe molunjika. Chinalowa chonse, chosang'ambika ngakhale pang'ono. Bokosi silinatsekeke bwino, choncho analimanga ndi malegeni m'malo anayi. Mkono anaukulunga m'bulangete n'kuugoneka pabedi, mabawuti asanu ndi limodzi anawaika m'botolo la mankhwala lopanda kanthu. Ananyamuka 3:05.

Anafika pakamtsinje 3:25. Madzi anali ofiira, akutenga mapesi ndi zinyalala, ndipo anafika pakati pa tayala. A Lorenso anatsika, analowamo ndi miyendo kuti amve pansi, anabwerera, naoloka ndi giya yoyamba. Anthu okhala pafupi ndi dooko akuti pofika 4 koloko madzi anali atafika m'khosi mwa munthu wamkulu. Msewu unatsekeka masiku asanu ndi anayi. Atakwera kutsidya, a Edmund anapuma mozama nagwira phewa la a Lorenso. "Madala, mwatipulumutsa," anatero. Mayi Evelesi anamva mawu amenewa ndi makutu awo.

Lipoti la a Edmund linalembedwa pa 23 Januwale. Lili ndi masamba awiri. Likunena kuti khonde linakana kubwerera pa zifukwa zosadziwika, ndi kuti dalaivala, atakanizidwa momveka bwino, anaphwasula katundu wa bungwe pamodzi ndi wokonza njinga wosaphunzira. Mawu akuti sikelo mulibemo. Mawu akuti mtsinje mulibemo. Munthu anakhala pansi muofesi yozizira, ali ndi miyendo yosanyowa chifukwa cha a Lorenso, n'kulemba zimenezi.

Mlandu unakambidwa pa 11 Febuluwale ku ofesi ya pa Chikwawa, pamaso pa anthu atatu ochokera ku likulu, wotsogolera ali mayi woona za antchito. Mayi Evelesi tsikulo anatumizidwa kumaphunziro ku Zomba. Iwo anali atalemba umboni wawo wa masamba awiri, koma mayi wotsogolerayo anati wafika mochedwa. A Lorenso anatsegula buku la maulendo nawasonyeza mawu a 9:20, ndi mapempho atatu a handulo.

"Zimenezo munalemba nokha, bambo," anatero mayiyo.

"Nanga akanalemba ndani? Buku ndi langa."

"Funso ndi limodzi. Munauzidwa kuti musamasule, inde kapena ayi?"

"Ndinauzidwa. Ndipo m'mawa ine ndinawauza kuti asapachike. Funso limenelo mulifunsa liti?"

"Sitikuzenga mlandu wa a Edmund."

"Ndaona. Mukuzenga wa chala changa."

Mmodzi wa atatuwo anati a Lorenso akanatha kusiya galimoto pa Bwemba n'kudikira amisiri ovomerezeka. A Lorenso anafunsa kuti amisiriwo akanaoloka ndi chiyani, ndipo katemera akanamusunga m'chiyani masiku asanu ndi anayi. Anayankhidwa kuti asakweze mawu. Pomaliza anaikiridwa mapepala awiri patebulo. Loyamba linali loti asaine kuvomereza kuti anaononga khonde chifukwa chosasamala, alandire chenjezo, apitirize ntchito mpaka Novembala. Lachiwiri linali kalata yowachotsa ntchito. Anapatsidwa mpaka pa 28 Febuluwale kuti asankhe. Chifukwa chake sichinali chobisika: ku Ulaya kunayenera kupita dzina la wolakwa, ndipo dzina la dalaivala ndi lopepuka kunyamula kuposa la munthu wolemba malipoti.

Loweruka lotsatira anapita kwawo kwa Malemia. Anapeza Mayi Anna akupalira mbatata kudimba, ndipo anawafotokozera ali chiimire pakati pa mizere.

"Bambo a Leah, sainani," anatero Mayi Anna. "Yatsala miyezi isanu ndi inayi yokha. Ndani adzawerenge pepala limenelo?"

"Ine."

"Inu mukudziwa kale zoona zake. Evelesi akudziwa. Pa Bwemba ponse akudziwa."

"Ndiye ndilembe ndi dzanja langa kuti ndine wosasamala? Dzanja lomweli?" Anakweza chala chija, chimene chinali chisanapole. "Iwo alembe bodza lawo, asaine okha. Langa dzina sindiliikapo."

"Mutu wanu uwo, ngati wa malemu bambo anu." Mayi Anna anabaya khasu pansi mwamphamvu. "Nanga mukabwera kuno mudzatani? Kupalira simutha."

"Mudzandiphunzitsa."

"Ine? Ndili ndi ana asanu, wachisanu ndi chimodzi sindikumufuna."

Sanagwirizane tsikulo, ndipo Mayi Anna sabisa kuti mpaka lero amaona kuti amuna awo akanasaina. Lachisanu pa 28 Febuluwale, 10 koloko m'mawa, a Lorenso anabweza pepala loyamba losasainidwa. Anapereka makiyi, buku la maulendo atajambulitsa masamba ake, ndi botolo la mabawuti asanu ndi limodzi, nauza mlembi kuti awawerenge pamaso pawo. Analandira kalata ya mizere isanu ndi iwiri yonena kuti achotsedwa chifukwa chosasamala katundu ndi kusamvera. Pageti, mlonda amene anadya nawo mbale imodzi zaka khumi anauzidwa kuti aseche chikwama chawo. Mlondayo anachita zimenezo akuyang'ana kumbali. Munali malaya awiri, sopo ndi bokosi la machesi la mafyuzi.

Mu Epulo anakafunsira ntchito yoyendetsa lole ya mpunga ku Bangula. Mwini lole anafunsa kalata ya kumene anachoka, anaiwerenga, nati adzawaitana. Sanawaitane.

Loweruka pa 17 Meyi, Mayi Evelesi anatsika minibasi pa Nsanje n'kukwera kabaza mpaka kwa a Lorenso. Anawapeza pakhonde akusoka thumba. Atalonjerana ndi kumwa madzi, anafotokoza chimene anadzera. Alendo a ku Ulaya anali kubwera pa 4 Juni kudzaona galimoto yawo. Mkono watsopano unali utafika pandege. Amakaniko awiri a ku Blantyre analephera kuumanga, ndipo wachiwiri anatsala pang'ono kuthyoka chibwano ndi sipuling'i.

"Ndiye akuti mubwere, baba. Tsiku limodzi lokha. Akuti adzakuthokozani bwino."

"Akuti ndani?"

"A Edmund."

"Bwanji sanabwere okha? Msewu wa ku Nsanje ndi wa tala, mulibe mtsinje."

Mayi Evelesi anayang'ana pansi. "Anadziwa kuti ine simungandithamangitse. Baba, ndine ndinapachika sikelo ija. Sindigona nazo bwino."

"Inu munalamulidwa, mwana wanga, ndipo munalemba zoona. Za inu ndilibe nazo mawu." Analowa m'nyumba natuluka ndi kalata ya mizere isanu ndi iwiri ija. "Tawerengani apa. Akuti ndine wotani?"

"Ndikudziwa zimene akunena."

"Wosasamala. Ndiye katundu wochokera ku Ulaya pandege akufuna amupereke m'manja mwa munthu wosasamala? Akufuna alendo aime pamthunzi wa manja anga, uku m'faelo muli kalata iyi?" Mawu awo anakwera mpaka Mayi Anna anasuzumira pazenera. "Mukawauze chonchi. Mkono ndimanga ola limodzi lisanathe. Handulo aitulutse m'sitolo. Koma poyamba abweretse kalata, ya sitampa, yonena kuti iyi yafafanizidwa, ndi kuti khonde linapindika ndi sikelo. Ntchito yawo sindikuifunanso. Ndikufuna kalata."

"Za sikelo sangalembe, baba. Mukudziwa."

"Ndiye amange okha."

Mayi Evelesi anapereka uthengawo Lolemba pa 19 Meyi, mawu ndi mawu. Pa 27 Meyi kunabwera yankho la pafoni lakuti bungwe likhoza kulemba kalata yothokoza a Lorenso chifukwa cha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za utumiki, koma kalata ya pa 28 Febuluwale ikhalabe m'faelo monga ilili. A Lorenso anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa ngati mawu akuti wosasamala achotsedwa. Atauzidwa kuti ayi, anadula foni.

Alendo anafika pa 4 Juni. Anapeza Kanyumba katatsukidwa, kataimikidwa mbali ya khonde itayang'ana kumpanda, ndipo anauzidwa kuti kakudikira mmisiri. A Edmund anakwezedwa pantchito mu Ogasiti. Pa 9 Novembala 2025 a Lorenso anakwanitsa zaka 60 ali kudimba kwa Malemia, akuphunzira kupalira mbatata pansi pa ulamuliro wa Mayi Anna, amene amati mizere yawo ndi yokhota. Mu Disembala ofesi inawaimbiranso kawiri za mkono uja. Kawiri konse anafunsa funso lomwelo la mawu aja, ndipo kawiri konse anayankhidwa kuti nkhaniyo ikuunikidwa.